Kaswichi kamene timaopa kukhudza pa maikolofoni

Pa Ciwelu cina m'nyengo ya mvula tinajambula kwaya ya amai a kuchalichi kwathu. Anali atayeserera masabata atatu, ndipo tsikulo anabwera atavala zitenje zofanana ngakhale tinawauza kuti tikujambula mau cabe. Maikolofoni tinacita kubwereka, ya mtengo woti sitingauchule pamaso pa osunga cuma ca mpingo, ija yokhala ndi kaswichi pakhosi ndi zizindikiro zitatu: kabwalo, kamtima ndi nambala 8. Mwini wake potipatsa anati, "Apa musakhudzepo. Isiyeni pa kamtima, ndiye pamene imamveka bwino." Tinamvera. Tinaiimika kutsogolo kwa amai otsogolera nyimbo, ndipo ena onse anaima mozungulira monga acitira masiku onse, ena m'mbali, ena kumbuyo kwake.

Madzulo titamvetsera, otsogolera anamveka ngati akutiimbira m'khutu, koma ovomereza ngati ali kuseri kwa phiri. Amai ena acikulire, amene anaima kumbuyo kwenikweni kwa maikolofoni, anachera khutu nyimbo yonse mpaka kutha, kenaka anatiyang'ana ndi kufunsa kuti, "Nanga ine ndinali kuti, ana inu?"

Maikolofoni ija inalibe mlandu. Inacita zimene tinaiuza. Ife amene timagwira nthambo ndi masipika m'machalichi, pa maukwati, pa maliro ndi m'tumasitudiyo ta m'makomboni tazolowera kuona kaswichi aka ngati kosankhira ubwino wa mau, ngati kuti pa kamtima ndiye pabwino ndipo penapo ndi pa akatswiri a kunja. Ganizo lathu ndi lakuti kaswichi aka kamasankha anthu. Kamagamula amene amveke ndi amene atsale panja, ndipo munthu amene sadziwa mmene kagwirira nchito amasiya anthu panja osadziwa kuti wawasiya.

M'kati mwa maikolofoni iliyonse muli kanembanemba kopyapyala kwambiri, kamene kamagwedezeka mau akakafika. Njira zoikira kanembanemba aka zilipo ziwiri zokha, ndipo zina zonse ndi ana a ziwirizi. Yoyamba ili ngati kutenga mbiya ndi kukunga cikopa pakamwa pake. Kumbuyo kwa cikopa ndi kotseka. Mau akamveka, mpweya wa panja umapanikizika ndi kumasuka mofulumira, ndipo cikopa cimalowa ndi kutuluka motsatira kupanikizika kumeneko. Cikopaco sicidziwa kumene mau acokera, cifukwa mpweya wopanikizika umakankha mbali zonse mofanana. Uyu ndiye omni, wa cizindikiro ca kabwalo. Amamva kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali cimodzimodzi.

Yaciwiri ili ngati citenje coyanikidwa pa waya. Mbali zonse ziwiri zili poyera. Mphepo ikacokera kutsogolo cimapita kumbuyo, ikacokera kumbuyo cimabwera kutsogolo, koma ikaomba motsata waya imakhudza nkhope zonse ziwiri mofanana ndipo citenje sicipita uku kapena uko. Kanembanemba koikidwa motere kamamva kutsogolo ndi kumbuyo mwamphamvu yofanana, m'mbali n'kukhala kogontha. Mukajambula papepala malo amene kamamva, mupeza mabwalo awiri ogundana, ndiye cifukwa cake amati figure-8. Mamaikolofoni akale a ribbon, monga RCA 44 imene inatuluka mu 1932, anali otere mwacibadwa: kacitsulo kopyapyala ka aluminiyamu kolendewera pakati pa maginito, kopanda cotseka kumbuyo. Pali kanthu kamodzi koyenera kukagwira bwino apa, cifukwa nkhani yonse yatsamira pomwepo. Mau ocokera kumbuyo amakankha kanembanemba mosemphana ndi ocokera kutsogolo. Pamene a kutsogolo akupereka magetsi okwera, a kumbuyo akupereka otsika.

Manje phatikizani ziwirizi mulingo wofanana. Munthu akaima kutsogolo, mbiya ikupereka 1, citenje cikupereka 1, pamodzi ndi 2. Akaima m'mbali, mbiya ikupereka 1, citenje palibe, ndiye watsala ndi theka, kumene amisiri amati kutsika ndi ma decibel 6. Akaima kumbuyo, mbiya ikupereka 1 koma citenje cikucotsa 1, ndipo pamatsala zii. Ameneyu ndiye cardioid. Dzina lake linacokera ku liu la Cigiriki lotanthauza mtima, kamba ka maonekedwe a cithunzi cake. Amai athu aja anaima pamalo pamene 1 amacotsedwa pa 1. Akanaimba mpaka kusasa mau, masamu sakanawamvera cisoni.

Amisiri oyamba anacitadi zimenezi ndi zitsulo ziwiri m'cibaluwa cimodzi. Western Electric 639, ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, inali ndi ribbon pamwamba ndi maikolofoni ya dynamic pansi, ndipo swichi yake inali kusankha imodzi, inzake, kapena zonse pamodzi. A RCA anadzera njira ina pa banja la 77, kuphatikizapo 77-DX ya 1954: anaika kacitseko kumbuyo kwa ribbon, kotembenuza ndi sikuludiraiva. Mukatsegula konse mwapeza figure-8, mukatseka konse yasanduka yomva mbali zonse, mukasiya pakati yayamba kumva kutsogolo. Timaikonda njira imeneyi cifukwa munthu atha kuiona ndi maso, ngati kutsegula zenera. Mu 1939 mnyamata wina wa ku Shure, Benjamin Bauer, anaonetsa kuti kanembanemba kamodzi kangakwanitse kukhala cardioid pakokha. Anaboola tumipata kumbuyo kuti mau alowerenso kumeneko, koma mocedwetsedwa pang'ono. Mau ocokera kumbuyo amayenda njira ziwiri, ina yozungulira kukafika kumaso kwa kanembanemba, ina yodzera m'tumipata, ndipo akafika nthawi imodzi mbali zonse ziwiri amalimbana okhaokha, kanembanemba osasuntha. Maikolofoni yake inachedwa Unidyne 55, ndipo SM58 ya 1966, imene ili m'manja mwa alaliki ndi oimba pafupifupi kulikonse, ndi mdzukulu wake.

Pano tipatuke pang'ono, cifukwa pali cizolowezi cimene cimatipweteka mtima. Anyamata ambiri oimba amafumbata mutu wa maikolofoni ndi cikhatho, ati kuti aoneke ngati a pa vidiyo. Dzanja limenelo limatseka tumipata ta Bauer tija. Maikolofoni imene inapangidwa kuti ikhale yogontha kumbuyo imasanduka mbiya, n'kuyamba kumva sipika imene ili kumbuyo kwake, ndipo likhweru lija loboola m'makutu limabuka. Anthu onse amatembenuka kuyang'ana ife a pa mikisa. Woimba uja wasintha yekha kamvedwe ka maikolofoni popanda swichi iliyonse, koma wonyozedwa ndi wina.

Maikolofoni imene tinabwereka ija ndi ya mtundu wa condenser, ndipo kasinthidwe kake ndi ka magetsi. M'mutu mwake muli kacitsulo kobulungira kokhala ngati kandalama kokhuthala, kobooledwa timabowo tambiri, ndipo mbali iliyonse kuli kanembanemba kake, kena koyang'ana kutsogolo, kena kumbuyo. Nzeru imeneyi anaiyamba amisiri awiri a wailesi ku Germany, Hans Joachim von Braunmühl ndi Walter Weber, m'zaka za m'ma 1930. Timabowo tija timacita nchito ya tumipata tocedwetsa mau, moti mbali iliyonse payokha ndi cardioid. Tinganene kuti ndi anthu awiri opatsana misana, aliyense akumva za kutsogolo kwake. Kanembanemba ka condenser sikapereka kanthu ngati kalibe magetsi oima pakati pa iko ndi kacitsulo kaja, ndipo m'mamaikolofoni ambiri otere magetsiwo ndi mavolti pafupifupi 60. Ka kutsogolo kamakhala nawo nthawi zonse. Cimene kaswichi kamasintha ndi magetsi opita ku ka kumbuyo, basi.

Mukaika pa kamtima, ka kumbuyo kamamanidwa magetsi. Kamagwedezekabe, ndipo kamathandizabe kucedwetsa mau olowera kumbuyo, koma sikanena kanthu ku nthambo. Mukaika pa kabwalo, kamapatsidwa magetsi ofanana ndi a mnzake, ndipo zimene awiriwa amva zimaphatikizidwa. Woima kutsogolo amamvedwa ndi woyamba yekha, woima kumbuyo ndi waciwiri yekha, woima m'mbali amamvedwa theka ndi uyu theka ndi uyo, ndipo onse amatuluka ofanana. Mukaika pa 8, magetsi a kumbuyo amatembenuzidwa, moti zimene waciwiri wamva zimacotsedwa pa za woyamba. Kutsogolo ndi kumbuyo kumamvekabe, koma m'mbali theka limadya theka linzake. Ndipo ngati magetsi a kumbuyo aperekedwa ocepa cabe, pamabadwa mitundu ya pakati: ocepa olunjika mofanana apereka cardioid yotakata, ocepa otembenuzidwa apereka supercardioid ndi hypercardioid. Palibe cimene cimayenda m'katimo, palibe kacitseko, ndi mavolti okha akusinthana.

Neumann U 47, imene inayamba kugulitsidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, inali ndi zosankha ziwiri, cardioid ndi omni. M 49 ya 1951 inapita patali: anaika kogudubuza pa bokosi la magetsi, moti mmisiri anali kusintha kamvedwe pang'onopang'ono ali patali, maikolofoni ili m'mwamba pamwamba pa oimba. U 87 ya 1967 ili ndi zitatu zija tinaziona, ndipo AKG C414 ya masiku ano ili ndi zosankha 9. Blue Yeti, imene acinyamata ambiri opanga mapodikasiti amalumikiza ku kompyuta, imafika pa zofananazo mwa kuphatikiza tumakapisozi titatu, ndipo ili ndi zosankha zinai: cardioid, omni, ya mbali ziwiri ndi stereo. Onsewa amamvera m'mbali mwa mutu, kumene kuli cizindikiro ca kampani kapena ca kutsogolo, osati pansonga. Taonapo anthu oculuka akuiloza kukamwa ngati SM58, akukambira pa denga lake, kenaka n'kumadandaula kuti anagula yabodza.

Tsono n'cifukwa ciani tonse tinakakamira pa kamtima? Cifukwa cake cilipo, ndipo si copusa. Ambiri a ife tinaphunzirira nchito pa masipika, ndipo pamenepo cardioid ndiye mfumu. Mukaika omni pa guwa pamene masipika akulira, imamva sipika, sipika imabweza zimene yamva, ndipo likhweru silicedwa. Cardioid imakulolani kukweza mau kwambiri likhweru lisanayambe, malinga ngati msana wake waloza ku sipika ya pansi ija yomvera oimba. Imathandizanso m'cipinda cobweza mau, monga machalichi athu a simenti ndi malata opanda siling'i. Kuti mau a munthu apose phokoso la cipinda mofanana, cardioid ingaime kutali pafupifupi nthawi 1.7 kuposa omni. Zonsezi ndi zoona, ndipo pa Sondo m'mawa sitikhudza cina ciliconse.

Ngakhale pamenepo, kudziwa pamene maikolofoni ili yogontha kumapulumutsa. Cardioid ndi yogontha kumbuyo kwenikweni, pa madigiri 180. Supercardioid, monga Shure Beta 58A, ili ndi kakhutu kakang'ono kumbuyoko, ndipo kugontha kwake kuli ca pa madigiri 125 mbali zonse ziwiri. Kwa hypercardioid kuli ca pa 110. Mpingo ukagula supercardioid poganiza kuti wakwera giredi, n'kusiya sipika ya pansi molunjika kumbuyo kwake monga kale, walozetsa sipika m'kakhutu kaja. Yofunika kuisunthira pambali. Nchito ya masekondi khumi imeneyi yapulumutsa maukwati angapo amene tinagwirapo.

Vuto ndi lakuti tinatenga lamulo la pa masipika ndi kupita nalo kojambula, kumene kulibe sipika yolira. Ndipo nyimbo zathu zambiri sizinapangidwe kuti ziime pamzere kuyang'ana mbali imodzi. Ganizirani citelele ca amai a kum'mawa: bwalo, m'manja mukuombedwa, mmodzi akuponya mau, gulu likulandira. Ganizirani nyimbo za usiku pa maliro, amai m'nyumba, abambo panja pamoto, mau akudutsana pakhomo. Kukoma kwake kuli pa kulandirana. Wotsogolera amaponya mwacidule podziwa kuti gulu limugwira, ndipo kulemera kwa nyimbo kumakhala mwa ovomereza. Cardioid yoikidwa pakamwa pa wotsogolera imatembenuza zimenezi. Imapanga katswiri mmodzi ndi gulu la omuthandizira. Kenaka timakhala pa kompyuta usiku wonse kuwonjezera reverb ndi kubwereza mau kawiri katatu, kuyesa kupanga khamu labodza, pamene khamu lenileni linali m'cipindamo ndipo tinalipatsa msana.

Izi si nkhani ya kukoma kwa m'makutu cabe. Zimene tikujambula lero ndi zimene adzukulu adzamva akadzafuna kudziwa mmene ambuya awo anali kuimbira. Hugh Tracey, amene anayenda m'dziko muno ndi m'maiko oyandikana nafe m'zaka za m'ma 1950 ndipo anayambitsa International Library of African Music mu 1954, anali kujambula ndi maikolofoni imodzi m'manja, akuyenda nayo pakati pa oimba, kuyandikiza ku ng'oma iyi, kenaka ku mau awo. Alick Nkhata, asanachuke pa wailesi ya ku Lusaka, anagwirako nchito naye. Munthu angatsutse zosankha za Tracey, cifukwa dzanja lake ndilo linali kugamula coti ife timve, koma anali kudziwa kuti akusankha. Ife tili ndi zida zimene iye sakanazilota, ndipo timalola kuti cosankha cathu cikhale pamene mwini maikolofoni anasiya kaswichi.

Sabata yotsatira tinawaitananso amai aja. Tinaika kaswichi pa kabwalo, maikolofoni pakati pa bwalo, pamwamba pang'ono pa mitu yawo kuti pasakhale wina woiyandikira kwambiri. Kusakaniza mau tinacita ndi miyendo: a mau akulu tinawabweza phazi limodzi, a mau ang'ono tinawasendeza kutsogolo, woomba ng'oma tinamukankhira pafupi ndi khomo. Sizinakhale zangwiro. Omni samanyazi, inatenga ndi tambala wa kwa aneba, ndi njinga yamoto imene inadutsa pa vesi yaciwiri, ndipo malata atayamba kulira ndi mvula tinangoimitsa ndi kudikira. M'chalichi copanda anthu mau obwerera m'zipupa anaculuka, mpaka tinapacika mabulangeti pa mawindo ndi kupanikiza bwalo kuti onse ayandikire. Ameneyu ndiye mtengo wa omni: cipinda cikakhala coipa, imakuuzani mosabisa. Koma nyimbo inatuluka ili ndi thupi lake lonse.

Pali cinanso cimene tinazindikira tsikulo. Cardioid ndi figure-8 zimanenepetsa mau munthu akaziyandikira kwambiri, cifukwa kanembanemba komva kusiyana kwa mbali ziwiri kamakokomeza mau a pansi gwero lake likakhala pafupi. Oulutsa pa wailesi amakukonda kunenepa kumeneku, kumawapatsa liu la bambo wa pakhomo. Koma kwa woimba amene amasuntha mutu, mau amanenepa ndi kuonda pakati pa mzere umodzi. Pa omni zimenezi zimacepa kwambiri, ndipo mphepo ya pa "p" ndi "ph", imene cinenero cathu cili nayo yoculuka, siiphulika moipa ngati pa cardioid. Ndiye ngakhale pojambula munthu mmodzi m'cipinda cacete, kabwalo kaja nthawi zina ndiko kamapereka mau ofanana ndi mwini wake.

Cizindikiro cimene timacimvera cisoni kwambiri ndi 8, cifukwa pafupifupi palibe amene amacikhudza, pamene m'mikhalidwe yathu ndico cingatithandize kawirikawiri. Kugontha kwa m'mbali mwa figure-8 ndi kozama kuposa kwa kumbuyo kwa cardioid, ndipo kumagwira ngakhale pa mau a pansi, pamene cardioid zambiri zimayamba kudontha. Masiku amene magetsi athima ndipo jenereta ikuguguda kuseri kwa nyumba, timatembenuza maikolofoni mpaka mbali yake yogontha italoza kumene kukucokera phokoso. Silitheratu, cifukwa lina limagunda zipupa ndi kulowera kutsogolo kapena kumbuyo, koma limatsika moti munthu atha kugwira nchito. Woimba amene akudziimbira gitala angapindulenso: maikolofoni ya pakamwa iloze mbali yake yogontha ku gitala, ya pa gitala iloze yake kukamwa, ndipo ziwirizi zimasiyana bwino kuposa ndi cardioid ziwiri. Cofunika kukumbukira ndi cakuti kumbuyo kwake kuli maso. Mukaika msana wake pafupi ndi cipupa ca simenti, mwajambula cipupa.

Ndipo pali nkhani ya ulemu. Aliyense amene anapitapo kukafunsa acikulire mbiri ya mudzi kapena ya banja adziwa kuipa kwa kumalozetsa citsulo kukamwa kwa ambuya, kucibweza kwa iwe, kucilozetsanso kwa iwo, ngati mtolankhani wothamangitsa nduna. Munthu wamkulu amauma, amayamba kuyankha mwacidule, ndipo nkhani zenizeni zimabwera titazimitsa makina. Figure-8 imathetsa zimenezi. Imaima pakati, inu uku, iwo uko, palibe dzanja loyenda, ndipo pakapita mphindi zisanu aiwala kuti ilipo. Ana osewera pabwalo, ngati ali ca m'mbali, amamveka patali. Kwa mawailesi a m'madera, amene nthawi zambiri ali ndi maikolofoni yabwino imodzi ndi alendo awiri, iyi ndi njira yakale kwambiri. Masewero a pa wailesi anali kujambulidwa conco m'masiku a ribbon: osewera kuyang'anizana mbali ziwiri, ndipo wofuna kumveka ngati akucoka anali kungopendekera m'mbali yogontha osasuntha phazi.

Ena adzati tikulimbikitsa mipingo ndi acinyamata kuwononga ndalama pa zida zodula. Ayi ndithu, ndipo apa tigwirizana nawo kuposa mmene aganizira. Ngati nchito yanu ndi ya masipika yokha, maikolofoni ya zosankha zambiri ndi kutaya kwacha. Ndi ya condenser, imafuna magetsi a phantom a mavolti 48 kucokera ku mikisa, siikonda cinyezi ndi fumbi, ndipo ikagwa pa simenti kamodzi mudzalira. Gulani dynamic ya cardioid yolimba. Komanso pa mtengo wofanana, maikolofoni ya kamvedwe kamodzi nthawi zambiri imakhala yopangidwa bwino kuposa ya zitatu, popeza ndalama zonse zapita pa cinthu cimodzi. Pa zotsika mtengo kwambiri, tunembanemba tuwiri tuja sitikhala tofanana bwino, ndipo tikasiyana mphamvu masamu onse aja amapotoka: kugontha kwa 8 sikukhala pamalo pake, kabwalo kamakhala kophwanyika mbali imodzi. Ngakhale pa zodula, cithunzi ca pa bokosi cimanena zoona makamaka pa mau a pakati. Pa mau okwera kwambiri mutu wa maikolofoni umachinga wokha, ndipo omni ya kanembanemba kakakulu imazimiririka pang'ono m'mbali.

Cimene tikukana ndi mantha. Amene muli nayo kale, kapena mumabwereka monga ife, ipatseni theka la ola. Valani mahedifoni, tsitsani mau pa mikisa musanasunthe kaswichi cifukwa zambiri zimagunda posintha, dikirani masekondi angapo kuti magetsi akhazikike, kenaka pemphani mnzanu aziyenda mozungulira akuwerenga manambala. Pa kamtima mudzamumva akuzimirira akafika kumbuyo. Pa 8 adzasowa kawiri, kumanja ndi kumanzere, ngati wagwera m'dzenje. Pa kabwalo sadzasowa konse, koma mudzamva cipinda canu kwa nthawi yoyamba mmene cilili. Ikani coko pansi pamene wasowera. Amene alibe maikolofoni ya kaswichi angacite cimodzimodzi ndi imene ali nayo, cifukwa nayonso ili ndi pogontha pake, ndipo kuitembenuza ndi swichi yaulere.

Mwini maikolofoni uja titamubwezera anaona kuti kaswichi kali pa kabwalo, ndipo nkhope inasintha. Tinamupatsa mahedifoni. Anamvetsera nyimbo yoyamba yonse osakamba kanthu, kenaka anafunsa kuti tinagwiritsa nchito mamaikolofoni angati. Titamuuza kuti imodzi, yake yomweyo, anaitembenuza m'manja ngati akuiona koyamba, n'kubweza kaswichi pa kamtima asanaiike m'bokosi. Amai acikulire aja anapempha kuti tiwatumizire nyimboyo pa foni ya mdzukulu wawo, ndipo tamva kuti aliyense wofika pakhomo amamukhazika pansi ndi kumuuza pamene ayenera kuchera khutu.